Tinkanamizira Chisanu cha ku Mzimba



Aliyense amene anakhalapo ku Mzimba m'miyezi ya Juni ndi Julayi amachidziwa chisanu cha kuno. Ife kwathu ndi ku Nkhotakota, kunyanja, kumene munthu amagona chofunda atachikankhira kumiyendo. Tsono titabwera kudzakhala pa boma pano kudzachita geni ya usipa ndi mpunga, chaka choyamba tinkadzuka zala zitauma, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anzathu a kuno ankatiseka, amvekere, "Simunati, dikirani mphepo ya ku Chikangawa itsike." Chomwecho pamene mwana wathu wamkazi, mzime wa m'nyumba mwathu, anayamba kudwaladwala chibayo, sitinavutike kufunafuna wolakwa. Tinati n'chisanu. Tinamugulira zipewa za ulusi pa kaunjika, tinkamuveka majuzi awiriawiri, ndipo sankatuluka panja dzuwa lisanakwere. Zonsezi sizinaphule kanthu, pakuti chimene chinkamudwalitsa chinali m'mbale imene ife eni ake tinkamudyetsera.

Mwanayu anabadwa mu Malichi 2019. Matenda anawayamba mayi ake tili ku Jenda pa ulendo wa malonda, ndipo anatenga usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Atabadwa sanalire. Anamwino anati wabadwa wobanika, analimbana naye kufikira anapuma, ndipo tinabwerera kunyumba tikuthokoza kuti zatha bwino. Koma kuyamwa kunali kovuta kuyambira sabata loyamba lomwelo. Ankagwira bere mofooka, n'kugona lisanathe, ndipo nthawi zina mkaka unkatulukira m'mphuno. Pa miyezi 6 khosi linali lisanalimbe. Pa chaka anali asanakhale pansi, manja ali chifumbatire, ndipo akakwiya kapena akasangalala ankadzipinda chagada ngati uta. Ndi pamene anatiuza kuchipatala dzina la vutoli, cerebral palsy, ambiri amangoti CP.

Tifotokoze pang'ono kwa amene sanalimvepo. CP ndi kulumala kumene kumabwera ubongo wa mwana ukavulala iye ali m'mimba, pobadwa, kapena akadali wakhanda. Kuno kwathu zimene zimavulaza ubongo kawirikawiri ndi kubanika pobadwa, chikasu chachikulu cha masiku oyamba, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi. Bala la mu ubongolo silikula ndipo silipatsirana, koma ubongo umalephera kulamula bwino minofu ya thupi. Dokotala wa ku London, William Little, anali atalemba kale m'zaka za m'ma 1860 kuti ana ouma ziwalo chotere ambiri ndi amene anabadwa movutikira. Komabe pa msika panali ena amene ankanong'onezana kuti takhwimira geni, kuti mwana tamuika m'malonda. Zimenezo tinazimva, zinatiwawa, ndipo tizisiye pomwepo.

Ife tikamva za minofu tinkaganiza za miyendo ndi manja. Funso lathu kwa aliyense linali limodzi: kodi adzayenda? Palibe tsiku limene tinaganizapo kuti milomo, lilime, nsagwada ndi mmero nazonso ndi minofu, ndi kuti ubongo womwewo ndiwo umaziyendetsa.

Agogo ake, amayi awo a mayi a mwanayu, anabwera kuchokera kunyanja kudzatithandiza, ndipo ntchito yodyetsa anaitenga ndi iwo. Analera ana 8 ndi zidzukulu zosawerengeka, ndani akanawaphunzitsa kudyetsa mwana? Ankakhala pa mphasa, kumugoneka chagada pamiyendo, mutu uli chopendekera kumbuyo, phala atalisungunula ndi madzi kuti likhale lamadzimadzi "kuti lizitsika msanga". Supuni ikakanika, ankapinda chikhatho pakamwa pa mwana n'kumathira phala m'chikhathomo. Mwana ankalira, ankatsokomola, maso ali misozi, ndipo iwo ankati, "Akamalira m'pamene amameza." Mbale imodzi inkatenga ola lathunthu, mwinanso kuposa. Theka linkathera pa nsalu. Ife tinkaonerera, mtima ukupweteka, koma tinkati bola kanthu kalowa m'mimba.

Pakati pa Epulo ndi Julayi 2021 tinagonekedwa naye katatu, ulendo uliwonse chibayo. Ankalandira jakisoni, kutentha thupi kunkatsika, tinkatuluka, ndipo pakapita milungu yowerengeka chifuwa chinkayambanso kulira. Kusikelo mzere wa m'kabuku kake unali utaima ngati msewu wa pachigwa. Ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi 5 ankalemera makilogalamu 8, pamene anzake a msinkhu umenewo amakhala cha m'ma 12. Kalamba koyezera mkono kanasonyeza masentimita 11.8, pa chikasu. Alangizi a zaumoyo anatiuza kuti pansi pa 12.5 mwana wayamba kunyentchera, ndipo pansi pa 11.5 ndi pofiira, pangozi. Anatilangiza kuti tizimudyetsa kwambiri. Malangizowo sanali olakwika, koma ife tinawamva molakwika: tinaonjezera liwiro la supuni.

Mu Ogasiti chaka chomwecho tinakumana ndi mayi wina wa mafizo, wa kuno konkuno, wolankhula Chitumbuka ndi Chichewa mosakaniza. Tinapita kukafunsa za miyendo monga mwa nthawi zonse. Iye anatsegula kabuku ka mwana, anawerenga za chibayo katatu konse, ndipo anafunsa funso limene palibe anali atatifunsapo: "Amama, mwanayu amadya bwanji?" Tinayankha kuti amadya phala, nsima yofewa, nthochi. Anapukusa mutu. "Sindikufunsa chimene amadya. Mawa mubwere ndi chakudya chake, mbale yake, supuni yake, ndi munthu amene amamudyetsa. Mudzamudyetse pamaso panga monga mumachitira kunyumba."

Agogo sanakondwe nazo, koma anapita.

Tsiku limenelo sitidzaliiwala, ngakhale kuti panalibe makina aliwonse. Asanaone chakudya, mayi uja anayamba ndi mafunso. Kudya kamodzi kumatenga nthawi yaitali bwanji? Kodi nthawi ya chakudya imakhala ya nkhondo, kwa mwana kapena kwa womudyetsa? Sikelo yakwerapo m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayi? Nanga chifuwa, chimalira, amatsokomola pakudya, mawu amasintha? Tinadzamva pambuyo pake kuti mafunso anayi amenewa ndi odziwika pakati pa akatswiri, ndipo Joan Arvedson wa ku America anawalemba mu 2013 monga zizindikiro zochenjeza. Malire ake a nthawi ndi mphindi 30. Ife pa mafunso onse anayi yankho lathu linali loipa.

Kenako anamuyang'ana mwana asanadye. Anaona mmene mutu umagwera kumbuyo, mmene pakamwa pamakhalira posatseka, dovu likutsika pachibwano. Anamvetsera kupuma kwake ndi mawu ake. Anasuzumira m'kamwa kuona mano ndi nkhama. Atatero anati, "Agogo, yambani."

Agogo anamugoneka pamiyendo monga mwa masiku onse. Mayi uja anagwada pambali, zala ziwiri ataziika mopepuka pakhosi pa mwana, maso ali pankhope. Supuni yoyamba, lilime linaikankhira kunja. Yachiwiri, nsagwada zinaluma supuni n'kukana kuisiya. Yachitatu inalowa, koma phala linakhala m'kamwa, ndipo asanameze agogo anali atathira kale yachinayi. Mwana anatsokomola, maso anafiira, mphuno zinatukuka. Mayi uja anakweza dzanja nati, "Imani kaye. Tamverani." Tinakhala chete tonse. Mwana ankapuma ndi kaphokoso konga ka madzi akuwira mu mphika wovundikira, ndipo atalira mawu ake anali onyowa, ngati munthu wolankhula ali ndi madzi kukhosi. Phokoso limenelo tinali titalimva tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri. Tinkalitcha chimfine.

Inali nthawi ya Covid-19, aliyense ali ndi masiki kukamwa, koma iye anasendera patali, anatsitsa yake, n'kutionetsa pa khosi lake lomwe. Anati kukhosi kuli njira ziwiri zoyandikana. Ya kutsogolo ndi ya mpweya, yopita ku mapapo. Ya kumbuyo ndi ya chakudya, yopita m'mimba. Chakudya chimadutsa pamwamba pa khomo la njira ya mpweya, tsono pomeza kholingo limakwera, kachivundikiro kamatseka khomolo, ndipo munthu amaleka kupuma kwa kanthawi kochepa zedi. Zonsezi zimachitika mwa kuphethira kwa diso, ife osadziwa n'komwe. Kwa mwana wa CP kutsekako kumachedwa, kapena sikukwanira, ndipo timadontho ta chakudya timagwera ku mapapo. Kumeneko timaola, ndiye chibayo chimenecho. Anatipatsa kapu ya madzi nati aliyense wa ife ayang'ane kudenga ndi kuyesa kumwa. Bambo a mwana anatsamwa pomwepo. "Inu muli bwinobwino," anatero mayi uja, "nanga iyeyu?"

Chimene chinatidabwitsa koposa ndi chakuti madzi enieni, tiyi ndi phala lamadzimadzi ndizo zinali zoopsa kwambiri kwa mwana wathu. Ife tinkayesa chopyapyala ndicho chosavuta. Koma zamadzimadzi zimathamanga, zimafika kukhosi khomo lisanatsekedwe, pamene phala lolimbirako limayenda pang'onopang'ono ndi kupatsa mmero mpata wokonzeka. Anatichenjeza kuti si ana onse ali chimodzimodzi. Alipo ena amene cholimba kwambiri chimawakanirira kukhosi. N'chifukwa chake anayesa yekha mitundu itatu: madzi, phala lotsika pa supuni mwaulesi, ndi nthochi yokanya. Pa mtundu uliwonse ankapereka pang'ono, kudikira, kumvetsera mawu. Pa madzi mawu ananyowa nthawi yomweyo. Pa phala lolimbirako, mwana atamukhazika tsonga, mawu anakhala ouma.

Kukhazika tsongako ndiko kunali mankhwala aakulu. Anamukhazika pamiyendo pa mayi ake, chiuno chitapindika bwino, msana wowongoka, mapewa ndi manja zili kutsogolo, mutu uli pakati, chibwano chitatsikira pang'ono ku chifuwa. Chiuno chikapindika, kudzipinda chagada kuja kumachepa. Supuni anasankha yaing'ono, yapulasitiki yolimba, yosazama, ndipo ankaibweretsa kuchokera kutsogolo ndi m'munsi kuti mwana asakweze mutu poitsata. Ankaiika pa lilime n'kutsindika pang'ono, osapalira phala ku mano a m'mwamba monga tinkachitira ife. Mwana akaluma supuni, sankaikoka. Ankadikira nsagwada zimasuke zokha. Ndipo supuni ina sinkabwera kufikira kholingo litakwera ndi kutsika, m'kamwa mutayera. "Pachoko pachoko," ankatero m'chinenero chake. Tsiku limenelo mwana anadya masupuni 12 okha, koma osalira, ndipo aka kanali koyamba.

Pobwerera agogo sanalankhule njira yonse. Usiku tinawamva akusisima kukhitchini. Mayi a mwana atapita, iwo anati, "Ndiye kuti mdzukulu wanga ndimamupha ndine." Mawu amenewa anatilemera kuposa chibayo. Zoona zake n'zakuti popanda khama lawo mwanayu sakadafika zaka ziwiri, chifukwa ife tinali pa msika ndipo iwo ndiwo ankakhala ola lathunthu pa mphasa, katatu pa tsiku. Njira yawo inalera ana ambiri amene mmero wawo unali wabwino, ngakhale kuti kwa mwana aliyense kumugoneka ndi kumuthira phala si kwabwino. Bambo a mwana anagwada pakhomo la khitchini nati, "Amayi, tonse tinkaona ndipo tonse sitinkadziwa. Koma manja odekha m'nyumba muno ndi anu. Mukaisiya ntchitoyi, ife sitiitha." Panapita masiku atatu asanagwirenso supuni. Atagwira, anaposa tonsefe, ndipo mpaka lero mlendo akafuna kumupatsa mwanayu madzi m'kapu wamba, amene amayamba kukalipa ndi iwo.

Zosintha zina zinali za m'khitchini. Phala likakhala lochepa liyenera kukhala lamphamvu, tsono tinayamba kuthiramo nsinjiro zosefa bwino, supuni ya mafuta ophikira, dzira, nthawi zina usipa wosinja mpaka kukhala ufa. Likuni Phala tinkaliphika molimbirako. Mapeyala, maungu ndi mbatata zokanya zinalowa m'malo mwa mpunga, umene umabalalika m'kamwa, ndi mandasi, amene amanyenyeka. Tinaphunzira kuti choipitsitsa ndi chakudya cha mitundu iwiri pa supuni imodzi, monga mbamu ya nsima yosambira mu msuzi: msuzi umathamangira kukhosi nsima ikadali pa lilime. Thobwa, limene kuno amati chindongwa, timalisefa kuchotsa misere. M'malo modya katatu kwa ola, anayamba kudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kosapitirira theka la ola, chifukwa mwana akatopa kumeza kumasokonekera. Akakhala ndi tulo, kapena akangokomoka kumene, sitimudyetsa. Akatha kudya amakhala tsonga theka lina la ola kuti chakudya chisabwerere kukhosi, ndipo timamutsuka m'kamwa, pakuti malovu a m'kamwa mwauve akagwera ku mapapo amanyamula tizilombo tochuluka.

Madzi ndiwo anativuta, ndipo amativutabe. Mwana sangakhale osamwa, makamaka mu Okutobala, ndipo akachepa madzi amadzimbidwa, akadzimbidwa amakana kudya. Timawalimbitsa ndi phala losefa pang'ono kapena madzi a zipatso okanyira nthochi, ndi kumupatsa pa kapu ya pulasitiki imene tinaidula mbali imodzi kuti mphuno izilowapo, iye asamakweze mutu. Mpando wake woyamba unali wa makatoni omatidwa ndi phala la ufa, luso limene linayambira ku Zimbabwe. Wachiwiri anatikhomera kalipentala wa pa boma pano, wokhala ndi ngodya kumsana ndi kathebulo kutsogolo.

Pa masiku a mafizo tinadziwana ndi mayi wina wa kufupi ndi Edingeni. Amuna ake anali ku Joni monga amuna ambiri a boma lino, ndipo iye anali yekha ndi munda, ana atatu ndi mnyamata wa CP wa zaka zinayi amene ankamubereka kumsana ulendo wonse. Ankatiuza monyadira kuti wake savuta, satsokomola pakudya ngati wathu. Ife tinamuchitira kaduka. Koma mayi wa mafizo atamuyeza nkhope yake inasintha. Anafotokoza kuti pali ana ena amene chakudya chimalowa ku mapapo mwakachetechete, thupi osadziteteza ndi chifuwa n'komwe, ndipo amenewa ndiwo ali pangozi yaikulu. Zizindikiro zake zimakhala zobisika: kupuma mofulumira pakudya, misozi, kusintha kwa mtundu wa milomo, mawu onyowa, kutentha thupi kobwerabwera. M'zipatala zazikulu za maiko ena amajambula X-ray yoyenda mwana akumeza chakudya chosakaniza ndi barium, n'kuona ndi maso kumene chikupita. Kwa ife a ku Mzimba chimenecho chinali chongomva. Zida zathu zinali maso, makutu ndi kabuku ka kusikelo. Mnyamatayo anamulembera kalata yopita ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera pa boma, ndipo mayi ake anawerenga ndalama ya minibasi pa zala n'kunena kuti adikira akolole. Tinamuonanso kawiri. Kachitatu anabwera mnzake wa m'mudzi momwemo ndi uthenga wakuti mwana uja anatisiya m'nyengo ya dzinja. Inna lillahi wa inna ilaihi raji'un. Sitikuweruza mayi ameneyu ngakhale pang'ono. Kudyetsa mwana wotere moyenera kumadya maola atatu pa tsiku, ndipo maola amenewo munthu wolima yekha amawachotsa ku munda umene ukudyetsa ana enawo.

Mwana wathu atakwanitsa zaka zitatu anamuyezanso, ndipo ulendo uno anatiuza za muyeso wotchedwa EDACS, umene Diane Sellers ndi anzake ku England anautulutsa mu 2014. Uli ndi magawo 5. Gawo 1 ndi mwana amene amadya ndi kumwa bwinobwino; gawo 2 amadya mosaopsa koma mochedwa ndi motayikira; gawo 3 pali chiopsezo china, chakudya chiyenera kukonzedwa mwapadera; gawo 4 chiopsezo n'chachikulu; gawo 5 sangadye ndi pakamwa popanda ngozi, ndipo madokotala amaganizira zomudyetsera pa kapaipi. Wathu anamuika pa gawo 4. Nambala imeneyi sinatisangalatse, koma inatithandiza, chifukwa tikapita kwa dokotala wachilendo sitiyambanso nkhani pa chiyambi. Tinapempha kuti ailembe pa tsamba loyamba la kabuku kake, pamodzi ndi mawu akuti asapatsidwe madzi kapena mankhwala amadzi atagona.

Kwa anzathu a kum'mwera kuno, a ku Embangweni, Jenda, Champhira, Luwerezi ndi Khosolo, amene muli ndi mwana wotere, chimene tingakuuzeni ndi chimene chinatichitikira. Musadikire kuti akufunseni. Mukapita ku chipatala cha boma ku Mzimba, ku Embangweni kapena kusikelo ya kwanuko, nenani nokha kuti mwana amatenga nthawi yotani pakudya, amatsokomola kangati, wadwala chifuwa kangati chaka chino, ndipo pemphani kuti wa mafizo amuone akudya, osati akugona pa bedi chabe. Nyamulani mbale ndi supuni ya kunyumba. Funsaninso za a MAP, amene anayamba mu 1979 ndi ntchito ya poliyo ndipo pambuyo pake anafutukula ntchito yawo ku kulumala kwa mitundu ina, ndi a St John of God ku Mzuzu, amene amathandiza ana olumala. Pemphani akuonetseni chochita mwana akatsamwa: kumuweramitsa ndi kumumenya ndi chikhatho pakati pa mapewa kasanu, osapisa chala kukhosi mwachimbulimbuli. Ndipo abambo anzathu, phunzirani kugwira supuni. Tsiku limene mayi adzadwale, mwana adzafunabe kudya.

Mzime wathu sanayendebe, ndipo funso lija tinaleka kulifunsa tsiku ndi tsiku. Kuyambira Ogasiti 2021 wagonekedwa ndi chibayo kamodzi kokha, mu 2023, pamene tinali pa ukwati ndipo wachibale wina wachifundo anam'mwetsa Fanta ife tili kwina. Chisanu chikadali chomwechija, chaka chilichonse. M'mawa uno agogo anamukhazika pa mpando wake pakhonde, atavala chipewa chake cha ulusi, anati Bismillah m'malo mwake, ndipo anadikira. Iye anayang'ana mbale, anayang'ana agogo, kenako anatsitsa chibwano yekha n'kutsegula pakamwa. Mbaleyo inatha m'mphindi 25.